Njinga isadzakhale mwana wachiwiri m'nyumba muno

Maganizo ogula njinga anandibwerera ndili pa siteji ku Zingwangwa, m'mawa wina mu Disembala 2023. Ndinali nditaima pamenepo mphindi zoposa 30, minibasi iliyonse ikubwera yodzaza kale, kondakitala atatulutsa mutu pawindo osaitanira n'komwe. Kwacha inali itangogwa ndi 44 peresenti mwezi wa Novembala, mafuta atakwera, ndipo mtengo wa minibasi nawo sunachedwe kutsatira.

Posowa chochita ndinatulutsa foni n'kuyamba kuwerengera. Ine ndimagwira ntchito pa kampani ina ku Makata. Popita ndinkakwera minibasi ziwiri, pobwera ziwirinso. Nditawonkhetsa masiku onse a ntchito ndinapeza kuti thiransipoti yokha ikundidya pafupifupi K60,000 pamwezi. Ndinabwereza poganiza kuti ndalakwitsa. Ayi ndithu, inali yomweyo. Chonsecho ulendo wake ndi wosakwana makilomita 10.

Ndili mkati mowerengera panadutsa mkulu wina pa njinga zothamanga zija, zamatayala owonda, mahandulo opindikira pansi ngati nyanga za nkhosa, zomwe anyamata amangoti racer. Anadutsa mwakachetechete, kachikwama kumsana, n'kulowera cha ku Kamba. Pamene ine ndinkapeza mpando mu minibasi, ndikhulupirira kuti iye anali atafika kale kuntchito, akumwa tiyi.

Vuto linali lakuti ndalama yomwe ndikanagulira njinga inali ndi mwiniwake kale. Kuntchito tili ndi chipereganyu cha anthu 8, aliyense amaponya K30,000 pamwezi. Ine ndinkayembekezera kulandira mu Malichi 2024, K240,000, ndipo ine ndi mayi a mwana tinali titagwirizana kalekale kuti tidzagula filiji ya kaunjika, iwo azigulitsa mafirizesi ndi thobwa lozizira pakhomo.

Nkhaniyi ndinaiyamba usiku, mwana atagona, nditaona kuti nsima yatsika bwino.

“Ndiye filiji ija yasanduka njinga?” anafunsa osandiyang'ana.

Ndinawaonetsa masamu a pafoni aja. Ndinati ndalama yonse yomwe ndizipulumutsa pa minibasi ndiziwatumizira iwo, ndipo filiji ingochedwa ndi miyezi ingapo basi. Anakhala chete nthawi yaitali, akupinda timalaya ta mwana.

“Chabwino,” anatero. “Koma mundimvetse, bambo a mwana. Njinga imeneyo isadzakhale mwana wachiwiri m'nyumba muno. Lero tayala, mawa tcheni, mkuja mabuleki. Wofuna kudyetsedwa tili naye kale.”

Ndinaseka, koma mawuwo anandilowa. Mwayi unali umodzi wokha. Ndikanagula chinthu cholakwika, ndiye kuti filiji palibe, njinga palibe, ndipo ndikanadikira miyezi ina 8 kuti chipereganyu chindifikenso, uku ndikudya nsima ndi munthu yemwe ndamulanda bizinesi yake.

Miyezi iwiri yotsatira bandulo yanga yonse inathera pa njinga. Ndinaloweza maina a magiya a Shimano mwandondomeko, kuyambira otsika mpaka okwera: Tourney, Claris, Sora, Tiagra, 105. Ndinadziwa kusiyana kwa felemu ya chitsulo, ya aluminiyamu ndi ya carbon. Ndinadziwanso kuti racer yatsopano ya m'sitolo, ngakhale yotsikitsitsa ija amati ndi ya ongoyamba kumene, mtengo wake ukausintha kupita m'makwacha umangotseka tsambalo mwaulemu. Yanga inayenera kukhala yogwiritsidwapo kale ntchito.

Ndisaname, njinga za mitundu ina ndinaziganizirapo. Buffalo ndi yolimba zedi, kaliyala wake amanyamula mpaka makilogalamu 100, koma yokha imalemera makilogalamu oposa 20, ndipo ine ndinalibe matumba a chimanga oti ndizinyamula. Ndinali ndi zitunda za Blantyre zoti ndizikwera m'mawa uliwonse, n'kufika kuntchito malaya asananyowe. Ndinamvanso za njinga za Beebikes ku Chilomoni, zomwe kale zinkanyamula makalata ku UK. Nazonso ndi zolimba, zopangidwira katundu. Ndiye panali zija zatsopano zonyezimira za m'masitolo, zamasipuling'i kutsogolo ndi kumbuyo, zomwe mtengo wake unkalowa bwinobwino m'thumba langa. Ndinanyamula imodzi, kulemera kwake ngati geti. Mtima wanga unali pa racer basi.

Kumapeto kwa Febuluwale ndinaiona pa Facebook. Yabuluu, yaukhondo, felemu ya aluminiyamu, magiya osinthira pa zogwirira mabuleki pomwepo ngati za akatswiri a mpikisano. Mtengo K230,000. Ndinasunga chithunzi chake, n'kumachiyang'ana ngakhale pa nthawi ya nkhomaliro. Mwiniwake anandiuza pa WhatsApp kuti anthu ena atatu akuifuna, ndiye ndingotumiza kaye K50,000 kuti andisungire. Abale, chala chinali chitafika kale pa batani. Chinandiletsa n'chakuti chipereganyu chinali chisanatuluke, ndipo kukongola ndalama pofuna kugula njinga yopulumutsira ndalama ndinaona kuti ngakhale ine ndemwe sindingazifotokoze kunyumba.

Kufupi ndi msika wa Zingwangwa kuli bambo wina wachikulire wokonza njinga pansi pa kamthunzi ka malata. Ogulitsa makala ndi onyamula katundu amapita kwa iye, ndipo tonse timangowatchula kuti madala. Ndalama itatuluka ndinawapempha kuti andiperekeze Loweruka kukaiona njinga ija. Kunena zoona sindinkafuna malangizo. Ndinkafuna munthu woti akandithandize kunenerera mtengo.

Titafika, ine maso anali pa penti. Madala sanayang'ane penti n'komwe. Anandiuza kuti ndiime njingayo ili pakati pa miyendo, mapazi onse pansi. Chitsulo chapamwamba chija chinandigunda penipeni, mpaka ndinachita kunyang'ama.

“Yakukulira,” anatero. “Pamenepo pamafunika patsale mpata wa zala ziwiri kapena zitatu.”

Felemuyo inali ya 58, pamene ine ndi wamtali masentimita 168, woyenera 52 kapena 54. Ndinati chishalo titsitsa. Iwo anati chishalo chimatsika, koma manja satalika, ndipo pakatha mwezi ndidzakhala ndikudandaula msana ndi khosi.

Kenako anagwada n'kukoka tcheni pa giya yaikulu yakutsogolo. Tchenicho chinatukuka mpaka dzino lonse kuonekera. Anandionetsa mano a magiya akumbuyo, osongoka ndi opendekera mbali imodzi. Anati tcheni chikatha chotere chimadyanso mano, ndiye ukasintha chimodzi uyenera kusintha zonse. Pomaliza anayendetsa chala pansi pa felemu, pafupi ndi pomwe pamalowa foloko, pomwe panali sitika yatsopano kuposa zina zonse. Anapempha mwiniwake kuti aimatule pang'ono. Iye anakana. Madala anakanikiza ndi chikhadabo m'mphepete mwake, ndipo tonse tinauona: mng'alu woonda ngati tsitsi, wotsata mowotcherera.

“Tiyeni tizipita,” anatero madala, akupukuta manja.

Mu minibasi pobwerera sindinalankhule. Ndinali wokwiya, osati ndi wogulitsa uja, koma ndi madala, ngati kuti mng'aluwo anaujambula ndi iwo. Anandisiya mpaka titatsika, ndiye anati: “Mwana wanga, chikomekome cha mkuyu. Ija ikanathyoka uli pa mtsetse, mano ako onse tikanakatola pa tala. Komanso tandiuza, kachipangizo kosinthira magiya kaja kakathyoka, ukakagula kuti? Ine ndilibe. Ukaitanitsa ku Johannesburg, njinga ili m'nyumba miyezi iwiri, iwe uli pa siteji.”

Apa m'pamene ndinazindikira kuti miyezi iwiri yonse ija ndinkafunsa funso lolakwika. Ndinkafunsa kuti njinga yabwino kwambiri yomwe K240,000 ingagule ndi iti. Funso loyenera linali lakuti njinga yomwe ndingathe kuisunga ikuyenda, ndi malipiro anga, pa misewu yathu, ndi zipangizo zopezeka kuno, ndi iti.

Masiku otsatira ndikaweruka ndinkakhala pa benchi ya madala, iwo akumata machubu, ine ndikufunsa. Zomwe anandiuza ndinazilemba m'foni, ndipo ndaziperekapo kale kwa anzanga angapo.

Choyamba chinali cha ndalama. Anati ndisawononge yonse pa njinga. Ndipatule pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu la matayala, tcheni, loko ndi zina, chifukwa njinga ya kaunjika siibwera yokonzeka ngakhale wogulitsa alumbire bwanji. Ndiye kuti ine, wa K240,000, ndinali munthu wa njinga ya K150,000 kapena K160,000.

Chachiwiri chinali felemu. Anati kwa munthu wa ndalama zochepa chitsulo ndiye mnzake. Chimalemera pang'ono kuposa aluminiyamu, koma chikapindika chimawongoka, chikang'aluka wowotcherera wa m'tauni muno amatha kuchigwira. Aluminiyamu yabwinobwino si yoipa, koma ikang'aluka ndiye kwatha, si aliyense angaiwotcherere. Carbon anati ndisaiyandikire, chifukwa imatha kuwonongeka mkati kunja kukuoneka bwino. Anandiphunzitsa kupapasa pansi pa felemu kuseri kwa foloko. Pakakhala potupa kapena penti yokwinyika, ndiye kuti njingayo inagundapo chinthu ndi kutsogolo.

Chachitatu, chomwe sindinachionepo pa mavidiyo onse aja, chinali manambala a pa tayala. Anati ndisamamvere zoti “ndi 28” kapena “ndi 27”, ndiziwerenga ndekha kanambala ka manambala atatu kolembedwa m'mbali mwa tayala. Racer zambiri za masiku ano ndi 622, zomwe amatinso 700C. Zina zakale ndi 630, zija amati 27 inchi. Njinga zakuda zija za Hero ndi Humber zomwe anakwera agogo athu ndi 635, pamene mountain bike ya 26 ndi 559. Kusiyana kwa 622 ndi 630 ndi mamilimita 8 okha, koma tayala la imodzi silingalowe pa limu ya inzake. Ukagula njinga ya 630 osadziwa, udzazungulira Limbe yense kufuna tayala.

Anawonjezera kuti ndione mpata womwe uli pakati pa tayala ndi felemu. Matayala a mamilimita 23 ndi a misewu yosalala. Ife kuno tili ndi maenje, miyala, ndi kamsewu kafumbi kochokera kunyumba kukafika pa tala. Njinga yoti singalandire tayala la 28 kapena 32 anati ndiisiye. Ngakhale kavalavu ka chubu anati ndikayang'ane: racer zambiri zili ndi koonda kaja kotchedwa Presta, komwe pampu wamba sagwira popanda kolumikizira.

Chachinayi chinali magiya. Apa ndi pomwe tinatsutsana kwambiri, chifukwa ine ndinkafuna amakono aja. Iwo anati magiya akale osinthira pa timandodo tiwiri ta pa felemu sawonongeka wamba, ndipo amagwira ndi tcheni chotchipa cha magiya 6, 7 kapena 8 chomwe chimapezeka paliponse. Chofunika kwa munthu wa ku Zingwangwa si kuchuluka kwa magiya ayi, koma kukhala ndi giya imodzi yofewa yokwerera chitunda. Anati ndiziyang'ana giya yaikulu yakumbuyo, ikhale ya mano 28 kapena kuposa.

Zina zinali zoyesa ndi manja. Kuzunguza tayala n'kuona ngati limu ikuvinavina pakati pa mabuleki. Kugwira buleki yakutsogolo n'kukankha njinga uku ndi uku kuti umve ngati pakhosi pakugogoda. Kugwedeza mapedulo cham'mbali. Kumasula chishalo n'kuona ngati chikukwera ndi kutsika, chifukwa china chimakhala chitagwirana ndi dzimbiri mpaka kalekale. Ndipo chomaliza: kutembenuza njinga n'kulemba nambala yomwe ili pansi pa felemu, kuona chiphaso cha wogulitsa, n'kulemberana kapepala pamaso pa mboni. Njinga zimabedwa kwambiri, ndipo kupezeka ndi katundu wakuba ndi mlandu ngakhale unene kuti unagula.

Tinaipeza patatha milungu itatu, kwa bambo wina wogulitsa njinga za kaunjika ku Limbe. Inali kumbuyo kwa zinzake, yafumbi, yamtundu wotuwa wosadziwika bwino, dzina lake lofufutika theka. Felemu ya chitsulo ya 53, matayala a 622 ong'ambikang'ambika, magiya awiri kutsogolo ndi 7 kumbuyo, timandodo take pa felemu. Ikanakhala pa Facebook sindikanaima n'komwe. Madala anaizungulira kawiri, kuipapasa, kuigwedeza, n'kundiuza kuti ndiime nayo. Zala zitatu zinalowa. Sanalankhule chilichonse, anangondiponda phazi pang'ono kuti ndisaonetse chimwemwe.

Wogulitsa anayamba ndi K185,000. Madala anayamba kuwerenga zofunika kusintha mokweza, chimodzichimodzi, ngati akuwerenga milandu. Tinathera pa K150,000. Yotsalayo inapita motere: matayala awiri a 28 ndi machubu K38,000, tcheni, mawaya ndi timalabala ta mabuleki K14,000, loko K9,000, helemeti K10,000, pampu yaing'ono ndi timagetsi takutsogolo ndi kumbuyo K13,000. K6,000 yomaliza ndinapatsa madala, omwe anatha tsiku lathunthu akuimasula, kuitsuka ndi kuthira girisi. Sipanatsale ngakhale ya fanta.

Nditafika nayo kunyumba mayi a mwana anatuluka, n'kuiyang'ana kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo.

“Yabuluu ija ili kuti?”

“Inali yong'aluka.”

“Ndiye filiji yanga ndi imeneyi?”

Ndinati eya. Anagwedeza mutu n'kubwerera kukhitchini.

Sindikunamizani kuti kuyambira pamenepo zonse zinali bho. Mlungu woyamba ndinkayenda ngati munthu wobayidwa jakisoni mbali zonse ziwiri. Chitunda chomwe pa minibasi sindinkachiona n'komwe chinanditsitsa kawiri, ndikukankha njinga ana asukulu akundiseka. Mlungu wachiwiri ndinagwera m'dzenje cha ku Chitawira, chubu n'kubooka malo awiri, ndipo ndinafika kuntchito mochedwa, manja ali bii. Madala anati vuto linali mpweya wochepa: tayala loonda likakhala lofewa, limu imatsina chubu ukagunda dzenje. Kuyambira tsiku limenelo ndimapopa kawiri pamlungu, ndipo m'chikwama simusowa chubu chapadera.

Msewu nawo uli ndi sukulu yake. Minibasi imaima paliponse pomwe yaona munthu, osapereka chizindikiro. Njinga zamoto zimatulukira mbali yomwe sukuyembekezera. Ku Makata kuli malole, ndipo ndinaphunzira kuti sulowa kumanzere kwa lole yomwe ikufuna kukhota, umaisiya ipite. Kukada ndimayatsa timagetsi tanga ngakhale anthu aziti ndikudzionetsera. Tsiku la mvula yamphamvu njinga imagona, ine n'kubwerera pa siteji, chifukwa mabuleki a pa limu akanyowa sagwira msanga. Kuntchito ndinapempha kuti ndiziilowetsa mkati mwa mpanda, ndipo kunyumba imagona pabalaza, pafupi ndi mpando.

Anzanga ena kuntchito anayamba kundiitana kuti akabaza. Wina anandifunsa mwachifundo ngati zinthu zavuta kunyumba. Kwathu kuno munthu ukayamba ntchito amayembekezera kuti uchoke pa njinga kupita pa galimoto, osati kuchoka pa minibasi kupita pa njinga. Poyamba zinkandiwawa. Zinasiya kundiwawa tsiku lina la vuto la mafuta, pomwe theka la anthu linafika 9 koloko itadutsa, ine nditasintha kale malaya, ndikumwa tiyi ngati mkulu uja ndinamuona pa siteji.

Tsopano ulendo umanditengera pafupifupi mphindi 30, kuchoka pakhomo, kudzera ku Chitawira ndi Ginnery Corner, mpaka pa geti. Mwezi uliwonse ndinkatumiza kwa mayi a mwana zomwe zatsala pa ndalama ya thiransipoti, nthawi zambiri cha m'ma K45,000. Iwo ankalemba m'kabuku, komanso ankalemba mbali ina chilichonse chomwe njinga yadya. Pofika Okutobala mbali imeneyo inali ndi machubu awiri, timalabala ta mabuleki, sipoko imodzi ndi kabotolo ka mafuta a tcheni. Zonse pamodzi sizinafike K20,000.

Filiji tinagula mwezi womwewo, kutentha kutafika pachimake. Inali itakwera mtengo poyerekeza ndi Malichi, ndipo tinachita kuwonjezera ndi ndalama ya ku banki m'khonde ya mayi a mwana. Zimenezo anandikumbutsa, ndipo anali ndi ufulu wondikumbutsa. Miyezi 7 ya bizinesi yomwe anataya sindingaibweze.

Masiku apitawa ndikuyendayenda pa foni ndinaionanso njinga yabuluu ija. Wogulitsa ndi wina, mtengo wakwera, pansi palembedwa kuti “ngati yatsopano”. Ndinakulitsa chithunzi. Sitika ija ikadali pomwepo. Ndinalembera wogulitsayo kumuuza kuti ayang'ane pansi pake asanagulitse munthu. Anawerenga, sanayankhe.

Ndinawaonetsa mayi a mwana. Anayang'ana chithunzicho, kenako n'kuyang'ana yotuwa ija itatsamira khoma pabalaza, mwana akuzunguza pedulo ndi dzanja.

“Koma mwana wachiwiriyu sadya kwambiri,” anatero. Kenako anatsegula filiji n'kundipatsa firizesi imodzi, n'kutambasula dzanja kuti ndilipire.